Kuyeza Chipinda ndi Mapazi

Tinatsika minibasi ku Chilenje dzuwa la Okutobala litakwiya,
kondakitala atameza chenji chathu.
Malume Lufeyo patsogolo, ndodo ikugogoda phula,
Tisauke pambuyo, kope la sukulu kukhwapa,
ine pakati ndi botolo la madzi ofunda.

Aphunzitsi anati mwana akadzionere yekha
pomwe mtsogoleri ankagona
nkhope yake isanakwere pa ndalama ndi pa zitenje.

Ine ndinkayembekeza zipilala,
makwerero ataliatali, mwina mkango wa simenti.
Ndinapeza kanyumba.
Kanyumba basi, kofatsa ngati mlendo wosauzidwa pokhala.

Wotilondolera anali Mwatitha,
mawu ake osalala ngati wawasita m'mawa:
zaka, misonkhano ya usiku, apolisi, ufulu.
Tisauke anakweza chala ngati ali m'kalasi.
"Anabadwira muno?"
"Iyayi, mchombo wawo unagwera kutali, kumpoto.
Muno anangokhalamo."
"Nanga muno munabadwa ndani?"
Mwatitha anaseka, nayang'ana wotchi.

Malume sankamva zonsezi.
Anali atavula nsapato pakhomo
ndipo ankayenda m'mphepete mwa khoma,
chidendene kuchala, chidendene kuchala,
milomo ikuwerenga chamumtima,
sokosi lobooka likuonetsa chikhadabo kwa mbiri yonse ya dziko.

"Khumi ndi limodzi," anatero.
Kenaka anandikoka dzanja.
"Ndendende ndi kwathu kuja.
Iwe unabadwira pakona ngati iyo,
mvula ikumenya denga,
ine ndili mumsewu kusaka galimoto
imene mpaka lero sinafike.
Mayi ako analuma chitenje kuti aneba asamve."

Kwathu kuja ndi misewu itatu kuchoka pano.
Anagula ena.
Anamanga mpanda, nabzala mabotolo osweka pamwamba,
kumaso kuli saluni
ndi kabokosi kotumizira ndalama pa foni.
Mpando wa amayi palibe anausunga.
Makina awo osokera tinagulitsa
sabata ya maliro, kuti tilipire bokosi.

Ndisaname, kansanje kanandilasa.
Kuno fumbi lili ndi wolipukuta,
ziwiya zimapuma osagwidwa ndi mwaye,
zithunzi zili ndi galasi, zili ndi mayina pansi.
Kenaka manyazi anabwera pambuyo pake,
poti munthu anatulukadi pa chitseko chopapatiza chonchi
nakayankhula mpaka mbendera ina inatsika.
Chitseko chomwecho, cha msinkhu womwewo,
amayi ankatulukira mbandakucha
ndi beseni la tomato pamutu.
Sindikudziwa ndiziike bwanji ziwirizi pa sikelo.
Sindinayese.

Panja, Tisauke anazungulira chigalimoto chakale
chimene sichidzalizanso injini,
nafunsa ngati amaloleza kukwera.
Samaloleza.

Buku la alendo linali lotupa ndi mayamiko,
a ku Kitwe, a ku Chipata, ena a zilembo zachilendo.
Malume anapempha cholembera.
Dzanja linanjenjemera, koma linafika:
Zelipa Daka.
Pambali pake nambala ya nyumba imene si yathunso.

"Agogo," anatero Mwatitha chapansipansi,
"apo mpolemba maganizo anu."
"Ndi amenewo," anayankha malume,
nawerama kufuna nsapato.

Pobwerera tinagula chinangwa chootcha pa mphambano.
Ndinaloza msewu wachitatu uja.
"Tidutseko?"
Malume anatafuna nthawi yaitali,
maso ali pa maluwa ofiirira amene mphepo inkasesa m'ngalande.
"Galu wawo sandidziwa," anatero.

M'minibasi ndinasuzumira m'kope la mwana.
Zaka zonse za Mwatitha zinamupulumuka,
tsamba linali loyera kupatula mzere umodzi
wopendekera chifukwa cha mabampu:
Chipinda chake ndi mapazi khumi ndi limodzi a agogo.

Aphunzitsi mwina adzathetha ndi cholembera chofiira.
Ine ndinangotseka kopelo,
ndi kumuuza agwire bwino chenji.